Sikelo ikatha, ndani amayeza mphamvu za ana a sukulu?

Mwana akabadwa m'dziko lino, kuchipatala amamupatsa khadi la zaumoyo. Mayi amapita naye kusikelo, anamwino amamuyeza kulemera ndi msinkhu, kenako amaika kadontho pamzere wosonyeza mmene akukulira. Kadonthoko kakayamba kutsika, azaumoyo amadziwa msanga kuti pali vuto, ngakhale mwanayo akuoneka wosangalala kumbuyo kwa mayi ake. Koma akakwanitsa zaka 5, sikelo imatha. Kuchokera pamenepo mpaka atakula, ana ambiri amaonedwa ndi azaumoyo pokhapokha akadwala.

Kusukulu mwanayo amalemba mayeso a Chipwitikizi, masamu ndi maphunziro ena. Malikisi ake amalowa m'mabuku, ndipo ziwerengero za opambana ndi olephera zimachoka kusukulu kupita kuboma, kuchigawo, mpaka kuunduna ku Maputo. Motero dziko limadziwa ngati ana akuwerenga bwino kapena ayi. Funso lina ndi lakuti: kodi mwana wa zaka 12 wa lero angathamange mtunda umene mwana wa zaka 12 ankathamanga zaka 20 zapitazo? Mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, alibe ndondomeko ya chaka ndi chaka yofika m'masukulu onse imene ingayankhe funso limeneli.

Mayiko ena ali nayo. Chaka chilichonse amayeza mphamvu ndi kulimba kwa matupi a ana a sukulu, amasunga zotsatira, n'kumaziyerekeza ndi za zaka zam'mbuyo. Amachita zimenezi chifukwa kufooka kwa m'badwo wonse sikuoneka ndi maso. Kumabwera pang'onopang'ono, ndipo ana onse akamafookera limodzi, kholo kapena mphunzitsi amaona ngati palibe chasintha.

Kodi amayeza chiyani?

Akatswiri amasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi zimene mwana amachita: kuyenda wapansi popita kusukulu, kusewera mpira wachikulunga, kutunga madzi, kupalira m'munda, kupalasa njinga. Chachiwiri ndi zimene thupi lake lingakwanitse, malinga ndi zochitazo, chakudya chimene amadya, matenda amene wadwalapo komanso chibadwa chake. Choyambacho n'chovuta kuchiyeza, chifukwa mwana akafunsidwa kuti dzulo anasewera nthawi yaitali bwanji, amangoyerekeza. Chachiwiricho chimayezeka ndi wotchi ndi tepi.

Pali mbali zingapo zimene zimayang'anidwa. Pali kupirira kwa mtima ndi mapapo, komwe kumaoneka mwana akathamanga mtunda wautali. Pali mphamvu za minofu ya m'manja, m'miyendo ndi pamimba. Pali liwiro ndi changu potembenuka. Pali kupindika kwa thupi, monga kuwerama n'kugwira zala za kumapazi osapinda mawondo. Pomaliza pali msinkhu, kulemera ndi kuchuluka kwa mafuta m'thupi.

Muyezo umene wafala kwambiri padziko lonse ndi wothamanga chopita ndi chobwerera, umene m'Chipwitikizi amautcha vaivém. Anaukonza ndi Luc Léger wa kuyunivesite ya Montreal ku Canada, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amajambula mizere iwiri yotalikirana mamita 20. Ana amathamanga kuchoka pamzere wina kupita pa unzake, ndipo ayenera kufika belu lojambulidwa lisanalire. Poyamba liwiro limakhala makilomita 8 ndi theka pa ola, koma mphindi iliyonse belulo limalira mofulumirirapo. Mwana akalephera kufika pamzere nthawi yake, amaima, ndipo maulendo amene wakwanitsa amalembedwa. Ubwino wa muyezowu ndi wakuti ana ambiri angathamange nthawi imodzi pabwalo laling'ono, ndipo belulo lingalizidwe pafoni.

Chifukwa chiyani boma lingavutike ndi zimenezi?

Yankho lili m'zipatala. Thupi la mwana limalosera thanzi la munthu wamkulu. Ku Sweden ofufuza anatsatira anyamata oposa 1 miliyoni amene anayezedwa mphamvu ali ndi zaka 16 mpaka 19, pa nthawi yolembetsa usilikali. Anawatsatira kwa zaka pafupifupi 24. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2012, zinasonyeza kuti amene anali ndi minofu yamphamvu ali achinyamata sankafa msanga poyerekeza ndi amene anali ofooka. Chiopsezo chawo chomwalira asanafike zaka 55 chinali chotsika ndi 20 mpaka 35 pa 100. Kafukufuku wina wambiri wapezanso kuti ana amene mtima ndi mapapo awo n'zopirira sakhala pachiopsezo chachikulu cha kunenepa kwambiri, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga akamakula.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lomwe m'dziko lino limadziwika kuti OMS, limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zotulutsa thukuta kwa mphindi 60 patsiku. Limatinso masiku atatu pamlungu azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha, kukwera ndi kuthamanga mwamphamvu. Koma mu 2019 bungweli linalengeza kuti achinyamata 81 pa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 padziko lonse sankafika pamlingo umenewu. Kwa atsikana chiwerengero chinali 85 pa 100, kwa anyamata 78.

Zotsatira zake zaoneka kale. Ofufuza ataphatikiza miyezo ya ana pafupifupi 1 miliyoni a m'mayiko 19 olemera ndi olemererako, anapeza kuti pakati pa 1981 ndi 2014 kupirira kwa mtima ndi mapapo kunatsika ndi pafupifupi 7 pa 100.

Nkhaniyi ikukhudzanso Mozambique. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2005 anapeza kuti anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Atabwereza kafukufukuyu mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinafika pa 39. Zipatala zimene zikulimbana kale ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi edzi, zikulandiranso anthu ochuluka ofa ziwalo ndi odwala shuga. Ana amene ali m'kalasi lachisanu lero ndi amene adzakhale pamzere umenewo, kapena kuupewa, zaka 30 zikubwerazi.

Mmene dziko la Slovenia limachitira

Chitsanzo chimene akatswiri amatchula kawirikawiri ndi Slovenia, dziko laling'ono la pakati pa Ulaya, lochita malire ndi Italy, Austria, Hungary ndi Croatia. Lili ndi anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni, ochepa kuposa a chigawo cha Tete, chomwe pa kalembera wa 2017 chinali ndi anthu oposa 2 miliyoni ndi theka.

Ndondomeko yawo, yomwe masiku ano imatchedwa SLOfit, inayesedwa koyamba mu 1982, ndipo kuyambira 1987 inafika m'masukulu a dziko lonse. Nthawi imeneyo Slovenia inali idakali mbali ya Yugoslavia. Chaka chilichonse m'mwezi wa Epulo, aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi amayeza ophunzira a kupulayimale ndi kusekondale, a zaka 6 mpaka 19. Ana oposa 200,000 amayezedwa chaka chilichonse, makolo awo atavomereza.

Miyezo ilipo 11. Itatu ndi ya kaumbidwe ka thupi: msinkhu, kulemera, ndi kukhuthala kwa mafuta a pansi pa khungu kuseri kwa mkono. Isanu ndi itatu yotsalayo ndi ya zochita. Mwana amathamanga mamita 60 kuti aone liwiro, ndi mamita 600 kuti aone kupirira. Amadumpha chamtsogolo ataima pamalo amodzi. Amalendewera pachitsulo mikono itapindika mpaka atatopa. Amagona chagada n'kumadzuka kwa masekondi 60. Amawerama ataima pabenchi kuti aone pamene zala zake zifike. Amayenda chafutambuyo ndi manja ndi miyendo kudutsa zotchinga. Amagundanso timbale tiwiri mosinthanasinthana ndi dzanja limodzi kwa masekondi 20.

Zotsatira zonse zimatumizidwa kugawo la zamasewera la yunivesite ya Ljubljana, likulu la dzikolo. Kumeneko zimawerengeredwa n'kubwezedwa kusukulu. Mwana aliyense amakhala ndi chithunzi chosonyeza pamene ali poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake m'dziko lonse, anyamata paokha, atsikana paokha, ndiponso poyerekeza ndi mmene iye mwini analili chaka chatha. Mphunzitsi amaona mwana amene akutsalira, kholo limaona mmene mwana wake akukulira, ndipo boma limaona dera limene likubwerera m'mbuyo.

Mphamvu ya ndondomekoyi ili pa kusasintha. Miyezo ndi yomweyo, mwezi ndi womwewo, kayezedwe n'komweko kwa zaka zoposa 30. Anthu oposa 1 miliyoni, pafupifupi theka la anthu a dzikolo, ali m'kaundula ameneyu. Makolo ambiri a ana amene akuthamanga mamita 600 lero, nawonso anathamanga mtunda womwewo ali pasukulu.

Zimene ziwerengero zinaulula

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mpaka cha m'ma 2010, kaundulayu ankasonyeza chinthu chodetsa nkhawa. Ana ankanenepa chaka ndi chaka, ndipo pa kuthamanga mtunda wautali ndi kulendewera pachitsulo ankabwerera m'mbuyo. Popeza umboni unali poyera, boma linachitapo kanthu. Mu 2010 linayambitsa pulogalamu imene inawonjezera maola awiri kapena atatu a masewera olimbitsa thupi pamlungu m'masukulu a pulayimale oposa 200, ndipo linalemba ntchito aphunzitsi ophunzira bwino za masewera kuti aziyendetsa maolawo. Pulogalamuyi inatha mu 2018. M'zaka zimenezo kunenepa kwa ana kunayamba kutsika, ndipo mphamvu zawo zinayamba kukwera. Kaundula yemweyo amene anaonetsa vuto ndi amenenso anaonetsa kuti ndalamazo sizinapite pachabe.

Kenako kunabwera mliri wa COVID-19. Masukulu anatsekedwa m'mwezi wa Malichi 2020, mabwalo a masewera anatsekedwanso, ndipo ana anakhala m'nyumba. Masukulu atatsegulidwa, ana anayezedwa, ndipo ofufuza a ku Ljubljana analengeza kuti mphamvu za ana zinatsika kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire kuyeza, mafuta m'thupi n'kuwonjezeka. Phindu limene linatenga zaka pafupifupi 10 kuti lipezeke linakokoloka m'miyezi yochepa.

Masukulu anatsekedwa pafupifupi m'mayiko onse, ndipo kuno anatsekedwanso m'mwezi womwewo wa Malichi 2020. Kusiyana kwake n'kwakuti Slovenia inatha kunena ndi manambala zimene kutsekako kunachita ku matupi a ana, chifukwa inali ndi miyezo ya chaka cham'mbuyo yoyerekezera.

Mayiko ena

Si dziko lililonse limene limachita mofanana. Japan yakhala ikuyeza mphamvu za ana ndi achinyamata chaka chilichonse kuyambira 1964, chaka chimene mzinda wa Tokyo unachititsa masewera a Olimpiki. China imachita kafukufuku wamkulu wa matupi ndi thanzi la ophunzira pafupifupi zaka 5 zilizonse kuyambira 1985, ndipo imasankha masukulu oimira zigawo zake. Hungary inakhazikitsa miyezo yotchedwa NETFIT, yomwe ndi yokakamiza kuyambira kalasi lachisanu kupita m'mwamba. Finland ili ndi ndondomeko yotchedwa Move!, ndipo imayeza makalasi awiri okha, lachisanu ndi lachisanu ndi chitatu. Ku Portugal kuli FITescola, yokonzedwa ndi unduna wa zamaphunziro mogwirizana ndi yunivesite ya Lisboa, pomwe aphunzitsi amalowetsa zotsatira za ophunzira awo pa intaneti.

Njira zimenezi zikusonyeza kuti dziko silikakamizika kuyeza mwana aliyense chaka chilichonse kuti lidziwe zoona. Lingasankhe makalasi ochepa, kapena masukulu ochepa osankhidwa bwino, bola kuyezako kuzibwerezedwa mofanana.

Zimene zadziwika kale za ana a ku Mozambique

Dziko lino silikuyambira pachabe. Pulofesa António Prista ndi anzake a kuyunivesite ya Pedagógica ku Maputo akhala akuyeza ana a sukulu kwa zaka zambiri. Anayeza ana a mumzinda wa Maputo mu 1992, chaka chimene nkhondo inatha ndi pangano la ku Roma, n'kubwereza mu 1999 ndi mu 2012.

Atayerekeza zaka zitatuzi, anapeza uthenga wa mbali ziwiri. Mbali yosangalatsa ndi yakuti ana a 2012 anali otalikirapo, ndipo owonda ndi opinimbira anachepa. Mbali yodandaulitsa ndi yakuti onenepa kwambiri anachuluka, ndipo pa miyezo yambiri, monga kupindika kwa thupi, mphamvu za pamimba, liwiro ndi kupirira pothamanga, ana a 1992 ankaposa a 2012. M'zaka 20 mzinda unasintha. Malo amene ana ankasewerapo anamangidwa nyumba, magalimoto anachuluka, wailesi yakanema inalowa m'makomo, ndipo ntchito zapakhomo zofuna mphamvu zinachepa kwa ana ambiri.

Gulu lomweli linayezanso ana a kumudzi ku Calanga, m'boma la Manhiça. Kumeneko ana ankagwiritsa ntchito matupi awo tsiku lonse poyenda mitunda, pogwira ntchito zapakhomo ndi zakumunda, komanso posewera panja. Koma ambiri anali aafupi ndi opepuka poyerekeza ndi miyezo ya kunja, ndipo matenda a tizilombo ta m'thupi anali ofala.

Mu 2014 mayiko 15 anayerekeza malikisi awo pa nkhani ya mmene ana amagwiritsira ntchito matupi. Mozambique ndi New Zealand ndi amene anapeza malikisi apamwamba pa kuchuluka kwa zochita za ana. Kwa Mozambique chifukwa chachikulu chinali kuyenda wapansi, ntchito zapakhomo ndi masewera a panja. Pa nkhani ya masewera okonzedwa bwino ndi malo osewerera, dzikoli linapeza malikisi otsika. Kafukufuku wina wa 2016, amene anayerekeza vaivém wa ana oposa 1 miliyoni a m'mayiko 50, anaika Tanzania pamwamba pa onse, pamene United States inali pa nambala 47.

Tanthauzo lake n'lakuti ana ambiri a kuno ali ndi chuma chimene mayiko olemera akuwononga ndalama zambiri kuti achibwezeretse. Koma chumachi chimachokera ku moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo moyowo ukusintha. Zimene zinachitika ku Maputo zingachitikenso mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Ulónguè, kumene ana ena tsopano amapita kusukulu pachapa kapena panjinga yamoto, amagula bolacha ndi zakumwa zotsekemera pageti, ndipo madzulo amakhala pafoni m'malo mosewera phada, fulaye kapena kulumpha chingwe. Miyezo yobwerezabwereza imene ilipo ndi ya kummwera kwa dziko. Mwana wa ku Tsangano, Macanga kapena Chifunde sali m'ziwerengero zimenezo.

Muyezo wa ku Ulaya sungangokopedwa

Mwana wa ku Ljubljana akalephera kuthamanga mamita 600, nthawi zambiri chifukwa chake ndi kukhala pansi nthawi yaitali kapena kunenepa. Mwana wa ku Zumbo kapena Mutarara akalephera, zifukwa zingakhale zina: wabwera kusukulu osadya, wangochira kumene malungo, ali ndi likodzo kapena njoka za m'mimba, kapena magazi ake ndi ochepa. Magazi ochepa sanyamula mpweya wokwanira kupita kuminofu, choncho mwana amapuma mwawefuwefu msanga. Kumuwonjezera maulendo ozungulira bwalo sikungamuthandize. Akufunika chakudya ndi mankhwala.

Palinso nkhani ya kupinimbira. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo wa 2022 ndi 2023 anapeza 37 pa 100. Ana amenewa amalowa sukulu ndi matupi aang'ono. Ofufuza a ku Maputo anaona kuti ana aang'ono thupi amatsalira pa miyezo yodalira kukula kwa minofu, monga kufinya ndi dzanja, koma pa kupirira pothamanga satsalira chimodzimodzi. Choncho kutenga malire a "wabwino" ndi "wofooka" amene anakonzedwa poyeza ana a ku Ulaya kapena ku America kungapereke chithunzi cholakwika. Dziko limafunika malire akeake, ochokera pa ana ake.

N'chifukwa chake kuyeza mphamvu kungapindule kwambiri kutayendera limodzi ndi ntchito zimene zilipo kale m'masukulu, monga kugawa mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba, komanso pulogalamu ya chakudya cha kusukulu ya PRONAE, yomwe boma linavomereza mu 2013. Miyezo ingasonyeze ngati ana a m'masukulu olandira chakudya akukula ndi kulimba mosiyana ndi anzawo.

Zoyenera kusamala

Kuyeza kukachitika mosasamala kumapweteka ana. Mphunzitsi akamawerenga kulemera kwa mwana mokweza pamaso pa kalasi lonse, kapena akalola anzake kuseka amene wafika pomaliza, mwanayo angadane ndi masewera moyo wake wonse. Atsikana otha msinkhu ndi amene amakhudzidwa kwambiri, makamaka ngati alibe zovala zoyenera kapena malo osinthira. Akatswiri ambiri amalangiza kuti zotsatira zikhale za mwana, makolo ake ndi mphunzitsi, ndiponso kuti zisagwiritsidwe ntchito popereka malikisi opambanira kalasi. Zikasanduka mpikisano wa masukulu, pamabwera chiyeso chokweza manambala kapena chosiya ana ofooka kunyumba tsiku loyeza, ndipo kaundula yense amasanduka wabodza.

Nyengo nayo ndi yofunika. Mumzinda wa Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Kuthamangitsa ana masana pa nthawi yotere n'koopsa. Kumapiri a Angónia kumazizira, choncho zotsatira za madera awiriwa sizingafanizidwe ngati sanaganizire za kutentha. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha ndipo malungo ali pachimake, ana sangaonetse mphamvu zawo zenizeni. Miyezi yozizira ya pambuyo pokolola ndi imene ingakhale yoyenera, ndipo mwezi ukasankhidwa suyenera kusinthidwa. Mwana wodwala, wa mphumu kapena wa vuto la mtima sayenera kukakamizidwa, ndipo ana olumala amafunika miyezo yogwirizana ndi matupi awo.

Anthu ena amaganiza kuti cholinga chake ndi kufunafuna akatswiri a masewera. N'zoona kuti miyezo ingaulule mwana waluso. Maria de Lurdes Mutola, amene anapatsa dziko lino mendulo yagolide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000, anadziwika pamene mlakatuli José Craveirinha anamuona akusewera mpira ndi anyamata ku Maputo. Luso lotere siliyenera kudikira mwayi. Koma ntchito yopeza opambana ili kale ndi njira yake, yomwe ndi mipikisano ya masewera a m'masukulu. Mipikisano imaona ana othamanga kwambiri. Kaundula wa dziko amapangidwira ana onse, makamaka amene sasankhidwa m'timu iliyonse.

Zingafunike chiyani?

Zipangizo zake si zodula kwenikweni: tepi yoyezera, sikelo, wotchi kapena foni, choko kapena phulusa lojambulira mizere, ndi malo osalala a mamita 20. Zovuta zenizeni zili pa anthu ndi nthawi. M'masukulu ambiri a pulayimale mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana oposa 60, ana amalowa mosinthana m'mawa ndi masana, ndipo makalasi ena amaphunzirira pansi pa mtengo. Phunziro la Educação Física lili pandandanda, koma kupulayimale nthawi zambiri limaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wa kalasi yemweyo, amene sanaphunzire mozama za kayezedwe. Aphunzitsi awiri akayeza kudumpha mosiyana, wina kuchokera kuchidendene wina kuchala, manambala awo sangaphatikizidwe.

Pa chifukwa chimenechi, njira yotheka ingakhale yoyamba pang'ono: miyezo inayi kapena isanu yosavuta, makalasi awiri okha, masukulu osankhidwa kuti aimire tauni ndi mudzi, chigwa ndi mapiri, ndi gulu laling'ono la aphunzitsi ophunzitsidwa kuyeza mofanana. Pangafunikenso bungwe limodzi, monga yunivesite, losunga zotsatira ndi kuteteza mayina a ana, komanso mgwirizano pakati pa azamaphunziro ndi azaumoyo kuti mwana wopezeka ndi vuto atumizidwe kuchipatala. Chofunika koposa ndi ndalama zoti ntchitoyo ibwerezedwe. Kuyeza kamodzi kumangosonyeza pamene ana ali. Kuyeza kachiwiri ndi kachitatu ndi kumene kumasonyeza komwe akulowera.

Phunziro la ku Slovenia ndi lakuti manambala paokha salimbitsa mwana. Anathandiza chifukwa boma litawaona linawonjezera maola a masewera ndi kulemba aphunzitsi. Kumeneko n'chimodzimodzi ndi kusikelo ya ana aang'ono, kumene kadontho kakatsika mayi amalandira uphungu ndipo mwana amalandira chithandizo.

Pamene ndondomeko yotere isanafike, pali zimene makolo ndi makhonsolo a sukulu angachite. Angafunse ngati phunziro la masewera likuchitikadi, kapena ngati nthawi yake ikugwiritsidwa ntchito kusesa pabwalo ndi kumaliza maphunziro ena. Angateteze bwalo la sukulu kuti lisagawidwe malo omangapo nyumba kapena misika. Angaonetsetse kuti mtsikana akamaliza ntchito zapakhomo ali ndi nthawi yosewera ngati mlongo wake. Ndipo mwana amene ankathamanga bwino akayamba kutopa msanga, kupuma movutikira, kuyera m'maso kapena kukodza magazi, asamuyese waulesi. Apite naye kuchipatala chapafupi kuti akamuyeze.